NDIVALE CHIYANI? Mbiri ya Jekete ndi Tayi pa Mgonero wa ku Hotela

Munthu aliyense amene anaitanidwapo kukadya mgonero ku hotela yaikulu, kaya ku Blantyre kaya ku Lilongwe, akudziwa kuti nkhawa imayamba chakudya chisanaoneke n'komwe. Imayambira kuchipinda, pamene woitanidwayo watsekula sutikesi nayamba kutulutsa zovala chimodzichimodzi n'kumazibwezeranso. Mwamuna amadzifunsa ngati jekete iri yofunika, ndipo ikafunika, nanga tayi? Mkazi amayesa diresi, navula, nayesa chilundu, kenaka n'kuimbira lamya mnzake kuti amve zimene ena akavale. Ambiri a ife timangoti ndi mmene zinthu ziriri, koma ine ndikhulupirira kuti mantha amene amatigwira pa nthawi imeneyi ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndiyo ndifuna tiitsate pamodzi m'nkhani ino. Tikadziwa kumene lamulo la zovala za pa mgonero linachokera, mwina tidzatha kulekanitsa chimene chiri ulemu weniweni ndi chimene changokhala chipsera cha masiku akale.

I. Kudya ndi kuvala kwa makolo

Tisaganize kuti makolo athu analibe malamulo a pa chakudya. Anali nawo, ndiponso okhwima. Amuna ankadyera pamodzi kumphala kapena pabwalo, akazi ndi ana aang'ono kwaokha. Wamkulu ndiye ankayamba kusamba m'manja ndi kutema mbamu yoyamba. Mwana sankatola nthuli asanapatsidwe, ndipo sankanyamuka pamphasa akulu akali kudya. Wobweretsa nsima ankagwada. Tsono mukayang'anitsitsa muona kuti malamulo onsewa ankakhudza manja, msinkhu ndi kakhalidwe. Ine sindinamvepo mwa akuluakulu kuti munthu anabwezedwa pa nsima chifukwa cha nsalu imene anavala. Mlendo wofika ndi fumbi la ulendo ankangopatsidwa madzi osamba m'manja, pakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Nsalu nayo inalipo Mzungu asanabwere. Anthu ankasenda khungwa la mombo, nalisula mpaka litafewa, n'kukhala chiwondo. Ena ankavala zikopa. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi mwao, ndipo analemba kuti anali ndi mitundu ya thonje imene ankaitcha tonje manga, lochokera kunja, ndi tonje kadja, lakonkuno. Amalonda a Chiyao ndi a Chiswahili ankabweretsanso nsalu za kugombe, monga merikani, nsalu yoyera yoombedwa ku America imene inkadzera ku Zanzibar. Mfumu yovala nsalu yamawangamawanga inkaoneka kuti ndi mfumu. Choncho zoti chovala chimanena za ulemerero wa munthu sitinaphunzire kwa Azungu. Chimene chinabwera pa sitima ndi ganizo lakuti dzuwa likalowa, chakudya chitapsa, munthu avule zimene anavala masana navale zina zodyera.

II. Paris ndi London

Liwu lakuti restaurant, limene ife timati lesitilanti, ndi la Chifalansa, ndipo poyamba silinkatanthauza nyumba ayi. Linali dzina la msuzi wa nyama umene ankapatsa anthu ofooka kuti abwezeretse mphamvu. M'zaka za m'ma 1760 anthu ena ku Paris, mmodzi wa iwo Mathurin Roze de Chantoiseau, anatsegula nyumba zogulitsa msuziwo, ndipo dzina la msuzi linasanduka dzina la nyumba. Kale wapaulendo ankadya pa thebulo limodzi ndi anzake onse, pa nthawi imene mwini nyumba waika, chakudya chimene mwini nyumba waphika. M'nyumba zatsopanozi munthu ankapatsidwa thebulo lakelake ndi pepala la zakudya lokhala ndi mitengo, nasankha yekha. M'zaka za m'ma 1780 Antoine Beauvilliers anatsegula La Grande Taverne de Londres, nyumba ya magalasi ndi operekera zakudya ovala bwino, ndipo chitatha chipolowe chachikulu cha ku France cha 1789 nyumba zotere zinachuluka.

Apa ndi pamene ine ndiona gwero la funso lathu. Pamudzi aliyense amadziwa kuti uje ndi mwana wa yani, kotero nsalu ilibe zambiri zonena. Koma m'chipinda chimene anthu osadziwana akudyera moonana, palibe amene akudziwa mtundu wako kapena chuma chako. Chimene chimakulankhulira ndi malaya ako. Mwini malo nayenso, pofuna kuti olemera abwerenso mawa, amayamba kusankha anthu pakhomo poyang'ana zomwezo.

Ku England mabwana a minda ikuluikulu anali kale ndi chizolowezi chosintha zovala asanadye madzulo. Chifukwa china chinali chooneka: munthu amene watandala pa kavalo kapena m'utsi wa malasha wa mu London sangakhale pa thebulo osasintha. Chifukwa chachiwiri chinali chobisika pang'ono. Malaya oyera okhuthara ndi sitachi amafuna wochapa ndi wosita, choncho wowavala madzulo aliwonse ankalengeza mosalankhula kuti ali ndi antchito. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 Beau Brummell, bwenzi la mwana wa mfumu, anazoloweretsa amuna a ku London kuleka nsalu zonyezimira ndi kuvala jekete yakuda bii kapena yabuluu ndi kansalu koyera kapakhosi. Kansalu kameneka, kholo la tayi wathu, Afalansa anakaonera kwa asilikali a ku Croatia amene ankawamenyera nkhondo m'zaka za m'ma 1600, ndipo dzina lakuti cravate linachokera kwa iwowo.

Chovala chenicheni cha mgonero pa nthawiyo chinali jekete ya mchira wogawanika ngati wa namzeze. Mu 1865 Prince of Wales, amene anadzakhala Mfumu Edward VII, anasoketsa kwa atelala a Henry Poole a mu Savile Row jekete yaifupi yopanda mchira yoti azivala pa mgonero wa kunyumba kwake ku Sandringham. Cha m'ma 1886 chovalachi chinafika ku Tuxedo Park, malo a anthu olemera pafupi ndi New York, ndipo n'chifukwa chake Aamerika amachitcha tuxedo pamene Angerezi amati dinner jacket. Taonani, awerengi, kuseketsa kwa mbiri: chovala chimene lero timachiopa ngati chapamwamba koposa chinayamba ngati chopumuliramo cha munthu amene anatopa ndi mchira.

Hotela ya Savoy ku London inatsegulidwa mu 1889, ndipo posakhalitsa César Ritz anayamba kuiyendetsa, Auguste Escoffier ali mkulu wa kukhitchini. Pa nthawiyo mkazi wa banja lolemekezeka sankayenera kuoneka akudya pagulu. Ritz anafuna kuti madona otere azibwera, ndipo njira imodzi inali kulimbikira kuti odya m'chipinda chake madzulo avale zovala za mgonero. Lamulolo linatsekulira khomo akazi ena, koma linali sefa, losiya kunja aliyense amene analibe ndalama zogulira zovalazo. Kuyambira pamenepo hotela iriyonse yofuna kutchedwa yapamwamba inatengera chitsanzo chomwecho.

III. Nyasaland: wovala ndi wosita

Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, likulu liri ku Zomba. Atsamunda sanachedwe kumanga makalabu ao: Blantyre Sports Club inayamba mu 1896, ndipo ku Zomba kunali Gymkhana Club. Kumeneko ndi ku nyumba ya Bwanamkubwa mwambo wa ku London unasungidwa mosamala, mwina kuposa ku London komweko. Munthu angadabwe kuti bwanji mwamuna wanzeru zake ankamanga kolala yolimba pakhosi m'kutentha kwa mwezi wa October. Yankho langa ndi lakuti Azungu anali ochepa pakati pa anthu ochuluka, ndipo chovalacho chinkawakumbutsa madzulo aliwonse kuti iwo si a kuno, ndi olamula.

Koma pali mbali ina ya nkhaniyi imene mabuku satchula kawirikawiri. Malaya oyerawo sankadzichapa okha. Panali dobi wowachapa ndi kuwaviika m'sitachi, panali boyi wowayala pa bedi pamodzi ndi mabatani ake, panali khukhi kukhitchini, ndi weta wovala mkanjo woyera ndi kapu yofiira atanyamula mbale. Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito ya udobi m'nyumba ya Mzungu wina ku Zomba. Ndiri mwana ndinkawaona akuthira makala m'simbi, akuuzira, nayesa kutentha kwake ndi malovu pachala. Ankadziwa tayi woyenera maliro ndi woyenera phwando, ndiponso kuti foloko imakhala kumanzere, mpeni kumanja. Komabe mpaka kumwalira kwao sanakhalepo pa thebulo lotero ngati mlendo. Amalawi oyamba kudziwa bwino lamulo la zovala za mgonero analiphunzira ali chiriri kumbuyo kwa mpando, ndipo ndiganiza kuti mantha ena amene tiri nawo lero tinalandira kwa iwo.

Nanga munthu wakuda akavala yekha ngati bwana zinkatha bwanji? John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, naphunzira ku Lynchburg, Virginia, ndipo atabwerako mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Zithunzi zake zimene zatsala, chimodzi mwa izo chodziwika kwa aliyense wogwirapo ndalama ya kwacha, zimamuonetsa ali m'jekete ndi kolala. Mkazi wake Ida ankavala madiresi aatali a Chizungu, ndipo pa mishoniyo akazi ankaphunzitsidwa kusoka, ntchito imene Emma DeLany, mmishonale wakuda wa ku America, anathandiza kuikhazikitsa. Kwa Chilembwe kuvala mwaukhondo kunali kunena kuti munthu wakuda ndi munthu wathunthu. Kwa Azungu ambiri a m'minda kunali chipongwe.

Nkhondo ya Chilembwe inabuka pa 23 January 1915, ndipo William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce ku Magomero, anaphedwa usiku womwewo. Boma litakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinautsa mapiri pachigwa, mboni za Chiafirika zinatchula thangata, msonkho, kumenyedwa ndi kutenthedwa kwa matchalitchi. Koma zinadandaulanso za chipewa. Munthu wakuda wokumana ndi Mzungu pa mseu ankayenera kuvula chipewa, ndipo akachedwa ankakuwidwa kuti achotse chipewa, mwina n'kulandira khofi, pamene Mzunguyo sankabwezera n'komwe moni. Sindikunena kuti anthu anafera chipewa. Ndikunena kuti aphunzitsi ndi akalaliki a nthawiyo anazindikira msampha umene anatcheredwa: ukavala nsanza ankati sunatukuke, ukavala suti ankati wadzikweza.

Ngakhale zinali choncho, suti inapitirira kukopa. Machona opita ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni, ena mwa iwo otchuka kumeneko pa ntchito ya ukhukhi ndi uweta m'mahotela, ankabwerera ndi suti, chipewa ndi nsapato zonyezimira, mudzi wonse n'kudziwa kuti mwana wabwerako ku Halale. Pakhonde la sitolo ya Mmwenye telala ankapalasa mashini ake a Singer, akutengera jekete ya mchona kuti asokere mphunzitsi wa pamishoni.

Chithunzi chimene chimandikhalira m'mutu pa za khomo la hotela ndi cha January 1960. Nduna Yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, anafika ku Blantyre pa ulendo wake wa mu Africa, ulendo womwe unathera ku Cape Town ndi mawu ake otchuka a pa 3 February onena za mphepo ya kusintha. Akuluakulu a tauni anamkonzera nkhomaliro ku Ryall's Hotel. Iye ali m'kati pa thebulo, kunja kunasonkhana khamu la anthu atanyamula zikwangwani zofuna kuti Dr Banda, amene anali m'ndende ku Gwelo kuyambira March 1959, atulutsidwe, ndi kuti Chitaganya chithe. Apolisi analimbana ndi khamulo atolankhani a ku London akuona, nkhani inamveka mpaka ku Britain, ndipo Boma linachita kuika Jaji Southworth kuti afufuze. M'masiku amenewo chimene chinkalekanitsa wa m'kati ndi wa kunja chinali khungu. Ufulu utabwera pa 6 July 1964 tsankho la khungu m'malo odyera linatha, koma kachikwangwani kofuna jekete ndi tayi kanatsala pakhomo.

IV. Boma lilowa m'sutikesi

Kanatsala chifukwa mtsogoleri watsopano ankakakonda. Dr Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40, zina mwa izo ali sing'anga ku Britain. Chovala chake chinali suti yakuda ya zidutswa zitatu, tayi, ndi chipewa cha mtundu wa Homburg, litchowa liri m'manja, ndipo sanasinthe mpaka ukalamba. Nduna, akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi anatengera. Chipewa chimene makolo ankakakamizidwa kuvula tsopano chinali pamutu pa mwini dziko, ndipo ambiri anaona kuti kumeneko ndiko kubwezera chipongwe cha 1915.

Anzathu ena oyandikana nawo anatenga njira ina. Kenneth Kaunda wa ku Zambia ankavala suti yopanda tayi imene mpaka lero imatchedwa dzina lake. Julius Nyerere wa ku Tanzania ankavala jekete yotseka mpaka pakhosi. Mobutu wa ku Zaire ndiye anafika poletsa suti ndi tayi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, nalamula amuna kuvala abacost, dzina lofupikitsa mawu a Chifalansa otanthauza kuti suti igwe, ndipo chiletsocho chinatha mu 1990. Atsogoleriwa anasiyana pa za khosi la mwamuna, koma pa za miyendo ya mkazi ambiri anagwirizana. Ku Tanzania achinyamata a chipani cha TANU anayamba kulimbana ndi masiketi aafupi mu 1968, ndipo Idi Amin anawaletsa ku Uganda mu 1972.

Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Decency in Dress Act mu 1973. Mkazi sankaloledwa kuoneka pagulu atavala thalauzi kapena kabudula, ndipo diresi kapena siketi inkayenera kuphimba mawondo. Panali malo ochepa opumira lamuloli, monga pa masewero ndi kumalo ochezera alendo a kunyanja. Amuna nawo ankaletsedwa tsitsi lalitali ndi mathalauzi otambalala kumiyendo, ndipo alendo ena ankametedwa pa bwalo la ndege asanaloledwe kulowa m'dziko. Ine ndinakula m'masiku amenewo, ndipo ndikumbukira azakhali anga, amene anali anamwino, akupinda chitenje m'kachikwama paliponse popita, poopa kuti angakumane ndi ayufi amene muyeso wao wa bondo unali wosiyana ndi wa telala. Kwa mkazi wa nthawi imeneyo funso lakuti avale chiyani pa mgonero linali litayankhidwa kale ndi Boma, ndipo kulakwitsa kunali mlandu wa kukhoti.

Tisafulumire kunena kuti zoterezi zinali za Africa yekha. Mu 1966 Yves Saint Laurent wa ku Paris anasokera akazi dinner jacket ndi thalauzi lake, nachitcha Le Smoking, ndipo m'zaka zotsatira malesitilanti ena apamwamba a ku New York ndi ku London ankabweza akazi ovala mathalauzi. Mzinda wa Paris womwewo unali ndi lamulo la apolisi la mu 1800 lofuna kuti mkazi apemphe chilolezo asanavale ngati mwamuna, ndipo ngakhale linali litaiwalika kalekale, boma la France linachita kulengeza mu 2013 kuti lamulolo liribenso mphamvu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko wobwezedwa ankangopita kukadya kwina, pamene kuno analibe kwina kopita.

V. Kaunjika ndi chitenje

Amalawi atavota pa 14 June 1993 kuti kukhale zipani zambiri, lamulo la zovala linali m'gulu la malamulo oyamba kufafanizidwa. M'zaka zomwezo malonda a kunja anamasulidwa, ndipo mabelo a zovala zakale za ku Ulaya ndi America anadzaza misika. Ife tinati kaunjika, anzathu a ku Zambia anati salaula. Kaunjika anapweteka atelala ndi fakitale ya nsalu ya David Whitehead ya ku Blantyre, imene inayamba m'zaka za m'ma 1960 ndipo inagulitsidwa mu 2003. Koma anachitanso chinthu chimene Ritz sanachiganizire: anaboola sefa ija. Jekete yosokedwa bwino ku Italy tsopano ingapezeke pa mulu mumsika wa Limbe kapena wa Tsoka ku Lilongwe, ndipo kalaliki wa malipiro ochepa akaichapa ndi kuisita, mlonda wa pakhomo sangamlekanitse ndi mwini kampani. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo lero mwambiwo uyenera kuvutitsa mlonda koposa mlendo, pakuti jekete yaleka kunena zoona za thumba la munthu.

Komabe lamulo likhoza kufa m'buku n'kukhalabe m'mitima. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi m'mizinda ina anavula akazi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi pa mseu dzuwa likuswa mtengo, zaka pafupifupi 20 chifafanizire lamulo lija. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula nkhanzazo, Joyce Banda, amene anali Wachiwiri kwa Pulezidenti, anawaikira kumbuyo, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene afuna. Mbali inayi chitenje chinakwera. Mu 2016 Boma linalimbikitsa ogwira ntchito zake kuti Lachisanu azivala zosokedwa konkuno, ndipo malaya a chitenje a amuna, amene kale ankaoneka ngati a pa ukwati pokha, analowa m'maofesi. Koma tayi sanagonje. Mu November 2023 Sipikala wa Nyumba ya Malamulo ya ku Kenya, Moses Wetang'ula, analamula kuti aphungu asalowe m'nyumbamo atavala suti ya Kaunda, koma jekete ndi tayi. Chovala chimene chinasokedwa kuti chikane utsamunda chinabwezedwa pakhomo ndi mwana wa Africa.

VI. Tsono tivale chiyani?

Ine sindiri m'gulu la amene amati lamulo lirilonse la zovala ndi utsamunda. Anthu amene asunga ndalama miyezi kuti akakondwerere tsiku la ukwati wao ku malo abwino alipirira chakudya pamodzi ndi maonekedwe a chipindacho, ndipo sikulakwa kuti mwini malo apemphe kuti wina asalowemo ndi patapata ndi malaya a mpira. Kuvala bwino ndi njira inanso yolemekezera wokuitana ndi amene atandala pamoto kukuphikira. Ngakhale kumudzi munthu sapita ku chinkhoswe ndi zovala za kudimba.

Chimene ndikana ndi lamulo la maso awiri. Tsiku lina ku hotela ina, imene sindiitchula, ndinali ndi mnzanga, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale, atavala malaya a chitenje a manja aatali osokedwa mwaluso, thalauzi lakuda ndi nsapato zopukutidwa. Mnyamata wa pakhomo anamuimitsa nati, "Pepani bambo, muno timafuna jekete." Mnzangayo analoza pa thebulo la pafupi ndi zenera, pamene mlendo wa kunja anali kudya ali m'kabudula, nafunsa mofatsa kuti, "Nanga awo, achimwene, jekete yao iri kuti?" Mnyamatayo anayang'ana pansi. Sindimuimba mlandu, pakuti iye anangolandira lamulo lopanda kulembedwa limene lakhala likuyenda kuyambira masiku a chipewa, lakuti mlendo woyera wavala kale ndi khungu lake, wakuda ndiye ayenera kuonetsa umboni.

Choncho kwa eni mahotela pempho langa ndi ili. Ngati muli ndi lamulo la zovala, lilembeni poonekera ndipo muuzeni munthu pamene akusungitsa malo, kuti asadzachite manyazi pakhomo mkazi wake ali pambali. Likhale limodzi kwa onse. Ndiponso lilembedwe ndi munthu wodziwa dziko lino, wozindikira kuti chilundu ndi duku lake, kapena malaya a chitenje osokedwa bwino, ndi chovala chathunthu cha ulemu chosafuna jekete pamwamba.

Kwa inu oitanidwa, mawu a pa kalata yoitanira asakuopseni. Akalemba kuti black tie akunena dinner jacket ija ya 1865 ndi tayi wakuda wonga gulugufe, ndipo kwa amayi diresi lalitali kapena chilundu chapamwamba. Maphwando otere ndi ochepa, ndipo suti yakuda yaukhondo kawirikawiri imalandiridwa. Akati formal akunena suti ndi tayi kapena chovala chathu cha ulemu. Akati smart casual akunena malaya a kolala, thalauzi labwino ndi nsapato zotseka, jekete mukafuna. Akapanda kulemba kanthu, funsani wokuitananiyo, pakuti kufunsa ndi kudziwa njira, ndipo iye adzakondwa kuti mwasamala. Mukakayika pakati pa zovala ziwiri, tengani chaulemu koposa, chifukwa tayi angavulidwe n'kulowa m'thumba, koma amene mwamsiya kunyumba simungamuitane.

Koposa zonse valani chanu, chokukwanani, chochapa ndi chosita. Ndaonapo anyamata akulowa m'ngongole ya suti ya usiku umodzi, ena atabwereka jekete yothina m'khwapa, natha mgonero wonse osatambasula mkono kuti atenge mchere. Nsalu yobwereka siithetsa usiwa. Ndipo weta akabwera ndi pepala la zakudya, mpatseni moni ndi kumuyang'ana kumaso, pakuti ntchito imene akugwirayo ndiyo inasunga mabanja ambiri a dziko lino m'zaka zimene eni ake sankaloledwa kukhala pampando umene inu mwakhalapowo.